Kabo Saide Sakudya Ndiwo

Lolemba

Mvula chiyambire m'mawa. Mutu ukuwawa mbali ya kumanzere. Mwina ndi dzino. Mwina si dzino.

Lero lakwana tsiku lachisanu ndi chinayi Kabo Saide, kopolo wathu, akudya mpunga wopanda ndiwo, wongowaza mchere. Munthu amene amanyamula mfuti yaikulu ya gulu lonse! Pa foromatura ya m'mawa, titafola pamzere, ndaona lamba wake. Waboola bowo latsopano ndi msomali. Aka n'kachiwiri.

Lamulungu magalimoto abwera kudzatenga gululi kupita nalo kumpoto, kunkhondo. Ine nditsala pano pa kwartelo ya Entre Lagos, msasa wathu wa asilikali kufupi ndi malire a Malawi, chifukwa ntchito yanga ndi ranshu, kudyetsa asilikali. Gulu lina likachoka, lina limafika ndi njala yake. Zaka khumi ndi ziwiri ndikudyetsa anthu opita kumene ine sindipita. Tsono munthu akakagwa m'tchire ndi chizungulire, mfuti ili paphewa, wamugwetsa ndani?

Chiyambi cha zonsezi: galimoto yobweretsa ndiwo inatitimira m'dambo pa msewu wochokera ku Cuamba. Makatoni ananyowa, mapepala onse a pa zitini anamatuka. Zitini zinafika zamaliseche, zofanana msinkhu, zofanana kunyezimira. Mapepala anafika paokha, ataunjikana pansi pa galimoto ngati phala. Ndinawayanika pa waya limodzilimodzi. Zithunzi zake:

ena ng'ombe
ena nsomba
ena nkhumba, itavala chipewa cha wophika, ikumwetulira.

Ikumwetulira!

Asilamu tili nawo anayi. Atatu akudya, akuti pa nkhondo Mulungu amamvetsa. Saide, mwana wa msodzi wa ku Chiuta, akuti: "Amamvetsa munthu akatsala pang'ono kufa, Sarjento. Ine mpunga ndikuuona."

Nyemba zinatha. Nsomba zouma ndi zophikaphika za kunja a Tenente, mkulu wathu, analetsa kulowa pachipata chiyambire matenda otsekula m'mimba m'midzi yozungulira. Lamulo limenelo ndinawapempha ndine. Ndinalemba masamba awiri ofotokoza zifukwa.

Chochita sabata ino:

1. Kusanja zitini potsata manambala odindidwa kunsi kwake.
2. Kuimba foni ku depozito, kochokera zitinizi, andiuze nambala ya ng'ombe.
3. Saide adye nyama masiku asanu otsatizana asanakwere galimoto.

Ndinakhala zaka zitatu ku instituto, sukulu ya ukachenjede, kuphunzira za zakudya. Chitini sichingandigonjetse.

Lachiwiri

Zitini mazana atatu ndi makumi asanu ndi limodzi. Ndazitembenuza zonse, tochi kukamwa, mawondo pa simenti. Manambala ali mitundu khumi ndi umodzi. Nyama zitatu, manambala khumi ndi limodzi! Ndajambula mabwalo pansi ndi khala, mulu uliwonse m'bwalo lake. Zikuoneka bwino. Pakanakhala wondiyendera lero.

Foni imagwira pa chulu cha kuseri kwa zimbudzi basi, ndipo ukakwera kwambiri imakulandira ku Malawi. Ndaima pakatikati pa chulu, mwendo umodzi m'munsi, mvula ikulowa m'khosi. Wa ku depozito akuti: "Pa pepala langa palembedwa kuti nyama. Nyama ndi nyama, kamarada. Kodi zitinizo zatupa?"

Sizinatupe.

"Ndiye dyani." Wadula.

Masana ndatsegula zitini ziwiri za mulu umodzi, nambala yofanana ndendende. China nsomba. China nyama. Manambala aja ndi masiku amene zinapangidwa. Tsiku lonse ndakhala ndikusanja nyama potsata tsiku lobadwa.

A Jeremiasi, wophika wathu, si msilikali. Ndi bambo wa imvi amene anakulira m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi, ndipo palibe chimene chimawadabwitsa. Andipeza nditakhala pakati pa mabwalo anga. "Ife kumeneko tinkalandira zitini zolembedwa zilembo zokhotakhota ngati nyongolotsi, Sarjento. Tinadya. Mpaka lero sindidziwa kuti chinali chinyama chanji, koma taonani, mano onse ndili nawo."

Alibe onse. Ndawerenga.

Saide wadya mpunga mbale imodzi ndi theka. Ndamuyang'anitsitsa mpaka wandipatsa moni kawiri.

Bondo lamanja likulira ndikamaimirira. Ndiliyang'anira.

Lachitatu

Njira yachiwiri: lilime. Ngati nyama yotsegula ingazindikirike pakamwa, Saide akhoza kudya chitini chimene tatsimikiza. Ndasankha olawa asanu, ena anakulira poweta ng'ombe, ena poweta nkhumba. Chitini chimodzi, masipuni asanu, madzi otsukira mkamwa. Aliyense andinong'oneze payekha. Mayankho:

Fabiau, msilikali wa kummwera: ng'ombe, koma yokalamba
wachiwiri: nkhumba, akulumbira pa manda a bambo ake
wachitatu: nkhuku
a Jeremiasi: "Imeneyi ndi ija ya ku misasa."
wachisanu wapempha chitini china kuti atsimikize. Kenako chinanso.

Ndalawa ndekha. Mchere. Nyama yopera, yotuwa mofiirira, yonjenjemera m'mafuta ake. Makina anaipera mpaka inaiwala yokha kuti inali yani.

Koma chimene chandisowetsa mtendere lero si chimenecho.

Pa chakudya cha masana Saide wakhala kumapeto kwa benchi ndi mbale yake yoyera. Fabiau wanena mokweza, akuyang'ana m'mbale mwake: "Munthu wosadya nafe, kaya amadya ndi ndani." Wina waseka. Wina wawonjeza kuti amene tikukamenyana nawo kumpoto nawonso nkhumba sadya. Masipuni aima. Saide wapitiriza kutafuna, pang'onopang'ono, osadzutsa mutu. Asilamu atatu aja ayang'ana pansi.

A Tenente anali pakhomo. Amva zonse.

Andiitana. Sanakalipe, ndipo ndikanakonda akanakalipa. "Sarjento, anthu awa kumpoto akagona m'dzenje limodzi. Sindifuna wina azikagona diso limodzi lili pa mnzake. Loweruka masana Kabo adye za mumphika umodzi ndi anzake, ine ndikuona. Akakana, ndilemba kuti wakana lamulo, dzina lake lipita ku komando, kwa akuluakulu athu."

Masiku ano dzina ngati la Saide likafika kumeneko ndi mawu akuti wakana, samafunsa za zitini. Amafunsa za mzikiti umene amapemphera, za abale ake, za amene amaimbirana nawo foni. Chaka chatha anatenga wina pano kuti akamufunse mafunso ochepa. Bulangeti lake likadali m'sitolo mwanga.

Ndauza Saide. Wangoti: "Ndamva, Sarjento." Wapita kukatsuka mfuti.

Masiku atsala atatu. Nambala 3 pa ndandanda yanga ndaifufuta. Tsopano ndikufuna chakudya chimodzi chokha.

Lachinayi

M'mawa. NDAPEZA!

Khutu! Chitini cha nsomba ukachigwedeza chimalira khutchukhutchu, chifukwa cha mafuta. Cha nyama chimangokhala duu. Ndayesa zisanu ndi ziwiri zolira: zonse nsomba. Zisanu ndi ziwiri mwa zisanu ndi ziwiri! Izi ku instituto sanatiphunzitse. Nkhondo ikatha ndidzawalembera.

Ndagwedeza zonse zotsala, chimodzichimodzi, chitseko chotseka kuti mvula isandisokoneze. Zolira zapezeka makumi atatu ndi chimodzi. Zokwana mphika umodzi wa gulu lonse. Mphika umodzi, monga a Tenente afunira, ndipo Saide adya. Sindidikira Loweruka. Chinthu chikhoza kuchitika pakati pa lero ndi Loweruka. Ndawapempha a Tenente abwere lero, avomera.

Mphika wathu ndi mgolo wodula pakati. Saide wautsuka yekha kasanu ndi kawiri, koyamba ndi dothi, monga chipembedzo chake chinenera. Chipande chatsopano, a Jeremiasi asema m'mawa uno. Anyezi. Tomato atatu a m'dimba la kuseri kwa sitolo. Saide akuimba kanyimbo ka Chiyao. Sindinamumvepo akuimba.

Masana.

Ndinati chitini chilichonse chitsegulidwe m'mbale kaye, tichione, ndiye chilowe mumphika. Ndinanena katatu. Makumi atatu tachita choncho. Nsomba, nsomba, nsomba. Chomaliza ndatembenuka kuti ndiyetsemule, a Jeremiasi achitsegulira pamwamba pa mphika penipeni. "Zonsezi ndi nsomba, Sarjento, tikuchedwetsa anthu."

Phwa!

Nyama. Ya msuzi wambiri, n'chifukwa chake inkalira. Yamira, yabwera pamwamba, yayamba kusungunuka ife tikuona. Ine, a Jeremiasi, ndi Saide.

A Jeremiasi aivuula ndi chipande, akuti sinakhalitse. Saide wayang'ana mphika nthawi yaitali. Kenako wakatenga mbale yake ndi mchere.

Ndathamangira kwa a Tenente kukawauza kuti asavutike kubwera, zikhale Loweruka lomwe lija. Andiyang'ana ngati wodwala malungo.

Gulu lonse likuti ndiwo za lero ndi zokoma kuposa zonse chifikireni. Fabiau wandiwombera m'manja. Nsomba zonse za m'sitolo zatha pa chakudya chimodzi. Zotsala n'zosalira zokhazokha.

Chimfine chija ndachitenga pa chulu.

Lachisanu

Uthenga wafika m'mawa. Mwa gulu limene linachoka pano mwezi watha, awiri aphedwa. Mmodzi ndi uja ankandipempha zotsalira za pansi pa mphika, zopserera. Pa foromatura a Tenente atchula mayina, tavula zipewa. Mvula ikugwa m'mitu.

Ntchito siima. Njira yachinayi: mbuzi. Lamulo langa likuletsa zouma ndi zophika, za chamoyo silinena. Ndaliwerenga kawiri. Mbuzi ikalowa yamoyo, Saide aizinga yekha ndi mpeni wake, ndi mawu ake, mawa gulu lonse lidya mumphika umodzi. Palibe chitini, palibe chipewa cha wophika.

Mlimi wa mudzi wa kutsidya kwa njanji wavomera kusinthana ndi jombo zanga zosungira ndi chijasi cha mvula. Zanga, osati za boma. Wabwera nayo panjinga, tonde wakuda, wonenepa bwino. Ndamupima maso, mkamwa, ziboda. Ndamumanga pa mtengo wa mango ndi mfundo ziwiri.

Ndinafuna azingidwe pomwepo. Koma lero ndi Lachisanu, a Tenente alola Asilamu anayi aja kukapemphera ku mzikiti wa pafupi ndi siteshoni, komaliza asanapite. Saide akuti: "Ndikabwerako, Sarjento. Mbuzi sithawa."

Yatafuna chingwe. Mfundo zanga zonse ziwiri zikadali pamtengo, zolimba bwinobwino.

Yalowa m'udzu wautali wa m'mbali mwa njanji. Mlonda wa kumeneko ndi mnzake wa mmodzi mwa ophedwa aja, anachokera mudzi umodzi. Waona udzu ukugwedezeka, chinthu chakuda chikubwera chokwawa. Wafuula kamodzi. Mbuzi sinayankhe.

Waombera zipolopolo zonse za mumfuti. Kwartelo yonse m'maenje, ine m'matope mpaka m'makutu, a Jeremiasi pansi pa tebulo ndi chipande chawo. Pa siteshoni anthu athawa kusiya mitolo. Saide wafika akuthamanga, mpeni m'manja, poti ikanakhala ikupumabe akanatha kuizinga. Waigwira pakhosi, waitsegula diso: yafa kale, yosazinga. Wabweza mpeni m'chimake.

Mlonda uja wakhala pansi akulira, mfuti pamiyendo. Amene wapita kukakhala naye ndi Saide. Ndamva akumuuza: "Wachita bwino, m'bale. Ukanadikira kuti uone nyanga?"

Madzulo gulu ladya mbuzi. Sindinalawe. Jombo zimene ndavala zikulowa madzi, ndipo zina ndilibe.

Loweruka

M'mawa. Ndadzitsekera m'sitolo.

Zimene zili patebulo:

mapepala a ng'ombe amene sanang'ambike, makumi awiri ndi awiri
zitini zosalira makumi awiri
katoni imodzi youma, inali ya sopo
mpunga wa dzulo, wophwanya ndi sipuni mpaka wamata.

Ndawongola mapepala ndi botolo la madzi otentha. Ndamata limodzilimodzi, msoko kumbuyo, monga amachitira ku fakitale. Mizere yawongoka. Ntchito yabwino kwambiri imene ndagwira sabata ino.

Ndawerengera, chifukwa sindingathe kusawerengera. Mapepala a nkhumba anali pafupifupi ochuluka ngati a ng'ombe. Kuti mwa zitini makumi awiri musapezeke nkhumba ngakhale imodzi, zingatheke pokhapokha Mulungu atalowererapo yekha. Sindikudziwa ngati amalowerera pa ntchito ngati imeneyi.

Chilowereni usilikali sindinalembepo kilo imene sindinaiyeze. Thumba la mchere likaperewera dzanja limodzi ndimanena.

Bulangeti lija lili pa shelefu, pamwamba pa mutu wanga.

Masana.

Ndatulutsa katoni pamaso pa gulu lonse. Ndati ndaipeza kuseri kwa matumba a mpunga, inabwera ndi galimoto ina, madzi sanaikhudze. A Jeremiasi, amene amasesa kuseri kwa matumba amenewo tsiku ndi tsiku, atsegula pakamwa. Ayang'ana ine. Ayang'ana Saide. "Eya," akutero. "Ndinkaiona, ndimayesa ndi sopo."

Saide watsukanso mgolo kasanu ndi kawiri. Watenga chitini chimodzi, wachitembenuza m'manja mwake, wayang'ana ng'ombe.

"Mwaziona nokha, Sarjento, kuti zinabwera chonchi?"

"Ndaziona."

"Inu simunama. Aliyense pano akudziwa. Mukanena inu, ndiye kuti zili pa inu."

"Zili pa ine."

Mawu atuluka ngati a munthu wina.

A Tenente aima kumapeto kwa tebulo, cholembera m'manja. Saide walandira mbale yake pamzere ngati wina aliyense. Wakhala pakati pa benchi, osati kumapeto. Watchula dzina la Mulungu. Wadya.

Anthu makumi anayi akuonera munthu mmodzi akutafuna. Phokoso la mvula padenga basi. Wamaliza, wapita kukawonjezera. Fabiau wamukankhira botolo la tsabola osamuyang'ana. A Tenente abweza cholembera m'thumba, atuluka.

Mbale zitatu! Ndawerenga.

Zitini zopanda kanthu ndazikwirira ndekha kuseri kwa dimba, dzenje lofika m'chiuno. Msana wagwira.

Lamulungu

Magalimoto afika dzuwa litangotuluka, atatu. Mvula yaleka, tsiku lomwe sindikuyanika kanthu.

Aliyense ndamupatsa mpunga wophika wa pa njira, wokulunga m'pepala la pulasitiki, ndi shuga m'kathumba. Ndayendera mabotolo a madzi onse. Awiri analibe zotsekera, ndasema zamtengo. Palibe amene wandithokoza, ndipo ndi bwino choncho. Amene amathokoza kwambiri pokwera ndimawakumbukira moipa.

Kutchalitchi sindinapite. Ndikanakaulula chiyani? Ndikati ndadyetsa munthu nkhumba, bambo mfumu adzati nkhumba si tchimo. Ndikati ndanama, adzafunsa ngati ndikumva chisoni, ndipo sindikudziwa yankho lake.

Saide wakwera womaliza. Wapereka mfuti yake kwa anzake m'galimoto, wabwerera pamene ndinaima. Nkhope yake ikuoneka bwinoko, kapena ndi maso anga ofuna kuona choncho. Walankhula motsitsa.

"Sarjento, ku fakitale samata ndi mpunga. Njere inatsalira m'mphepete mwa pepala."

Ndasowa poyang'ana. Ndamufunsa chifukwa chake anadya.

"Ndikanakana, a Tenente akanatenga chitini n'kuchiyang'ana bwino. Mayina akanapita awiri." Wakonza chipewa chake. "Ndinati zili pa inu, koma ndinadya ndikudziwa. Ndiye tigawana pakati. Theka langa ndipita nalo, lanu musunge. Ndikabwera tidzapita kwa shehe wa kwathu ku Chiuta tonse awiri, akatiuze chochita."

Wandigwira dzanja. Wakwera. Fabiau ndiye wamukoka mkono.

Ndaima pachipata mpaka phokoso la magalimoto lazimirira cha ku Cuamba. A Jeremiasi akutsuka mgolo, kamodzi kokha, akuimba. Mabenchi ali mbwee. M'sitolo zitini zamaliseche zikadali mulu, ndipo sindikuzigwedezanso.

Mutu wasiya kuwawa. Zimenezinso zikundidetsa nkhawa.

Theka la tchimo la chipembedzo cha eni ake. Sindikudziwa kulemera kwake, kaya limakula likakhalitsa, kaya munthu akafera kutali theka lake limabwerera kwa wotsala. Palibe woti ndimufunse.

Abwere basi. Kwa shehe ndekha sindidziwa ngakhale povulira nsapato.